Zala zimene zimaloza kwa ife pa mapu a kuthambo

Tinali pakati pa phunziro la mafunde ndi ana a Fomu 4 pamene ambulansi inadutsa pamsewu wa M12, ikuthamangira ku boma la Mchinji. Ikubwera, sayirini yake inali ndi liwu lopyapyala, lobaya m'khutu. Itangotipitirira, liwu lija linatsika n'kunenepa. Dalaivala sanakhudze batani lililonse. Ndinaika choko pansi n'kuwafotokozera anawo zimene Christian Doppler wa ku Austria analemba mu 1842: chinthu chikamabwera kwa iwe mafunde ake amapanikizana, chikamakuthawa amatambasuka.

Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono. "Aphunzitsi, ndiye kuti munthu wosaona angadziwe liwiro la galimoto pongomvetsera?" Ndinavomera. "Nanga angadziwenso pamene yafika?"

Belu linandipulumutsa tsiku limenelo. Koma funso lakelo ndi limene likuwasowetsa tulo akatswiri a zakuthambo amene akujambula mapu a mpweya wa haidrojeni m'chilengedwe chonse. Iwo ali ngati wosaona uja. Chimene amamva ndi liwiro, chimene akufuna ndi mtunda.

Haidrojeni ndiye atomu yopepuka kuposa onse, pulotoni imodzi ndi elekitironi imodzi basi, ndipo pa maatomu 10 aliwonse m'chilengedwe, pafupifupi 9 ndi ake. Akakhala wozizira, elekitironi yake isanathothoke, sawala ndipo diso silingamuone. Komabe ali ndi kaliwu kake. Pulotoni ndi elekitironi zili ngati nguli ziwiri zozungulira. Zikamazungulira molowera kumodzi, atomu imakhala ndi mphamvu yochulukirapo pang'ono, ndipo tsiku lina elekitironi imatembenuka n'kutaya mphamvu yotsalayo ngati funde la wailesi lotalika masentimita 21. Atomu imodzi payokha ingadikire zaka pafupifupi 11 miliyoni izi zisanachitike, koma maatomuwo ndi ochuluka mwakuti kaliwuko sikaduka. Hendrik van de Hulst wa ku Netherlands ananeneratu za fundeli mu 1944, nkhondo ili mkati, ndipo Harold Ewen ndi Edward Purcell analimva koyamba ku Harvard mu 1951.

Aliyense amene anagwirapo wailesi amadziwa kuti masiteshoni a FM amapezeka pakati pa 88 ndi 108 MHz. Haidrojeni ndi siteshoni ya pa 1420 MHz, ndipo sasamuka: kaya ali pafupi, kaya kutali, kaya ndi lero, kaya ndi kalekale, amaulutsira pomwepo. Ndiye ukamumva pa 1300 kapena pa 900, umadziwa kuti mafunde ake atambasuka ali panjira. Kutambasukaku amakutcha redshift.

Chachikulu chimene chimawatambasula ndi kufutukuka kwa chilengedwe. Georges Lemaître mu 1927 ndi Edwin Hubble mu 1929 anaonetsa kuti milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi aja, ikutalikirana, ndipo umene uli kutali kwambiri ndi umenenso ukutithawa mwaliwiro kwambiri. Pa mtunda uliwonse umene kuwala kumatenga zaka 3.26 miliyoni kuti kuuyende, liwiro lothawalo limawonjezeka ndi makilomita pafupifupi 70 pa sekondi. Ena akupeza 67, ena 73, ndipo mkangano umenewo ukadali pa moto, koma si wa lero. Haidrojeni amene akumveka pa 710 MHz mafunde ake atalika kawiri, kutanthauza kuti ananyamuka chilengedwe chili theka la kukula kwake kwa lero, zaka pafupifupi 8 biliyoni zapitazo. Choncho kupotokola batani la wailesi ndiko kulowa mkati mwa thambo. Kumene telesikopu yaloza kumakuuza ngati chinthu chili kumanja kapena kumanzere, m'mwamba kapena m'munsi. Kuya kwake kumachokera pa nambala ya MHz yokha.

Kutali koteroko, kumva mlalang'amba umodziumodzi n'kovuta, liwu lake n'lofooka kwambiri. Nzeru imene anapeza ndi imene aliyense wokhala pafupi ndi dambo amaidziwa. Mvula yoyamba ikagwa, achule a m'madambo a Bua amalira usiku wonse. Palibe angawawerenge, koma uli pakhonde umadziwa bwinobwino kuti cha kumtunda kuno ndi ochepa, cha kumunsi uko adzaza. Akatswiri nawonso anasiya kuwerenga. Amangoyeza phokoso lonse la haidrojeni lochokera chigawo chilichonse cha thambo, pa MHz iliyonse, n'kulemba pamene lakula ndi pamene lachepa. Njirayi amaitcha intensity mapping, ndipo imathandiza kuyeza dera lalikulu mofulumira.

Apa mpamene funso la mtsikana uja limaluma.

Tiyerekeze kuti anyamata atatu a kabaza anyamuka pa Kamwendo nthawi imodzi kulowera ku Lilongwe. Woyamba amapalasa makilomita 10 pa ola, wachiwiri 15, wachitatu 20. Ola likatha, ukangodziwa liwiro la munthu wadziwanso pamene ali. Koma bwanji ngati woyamba uja wamuyeza ali pamtsetse, njinga ikuthamanga 18? Umulemba kuti ali pa makilomita 18, kupitirira mnzake wachiwiri, chonsecho ali pa 10 pomwepo. Milalang'amba nayo ili ndi mitsetse ndi zitunda zake, zimene ndi mphamvu yokoka ya inzake. Pamwamba pa liwiro la kufutukuka, uliwonse uli ndi kaulendo kakekake. Andromeda, woyandikana nafe wamkulu, sakutithawa n'komwe, akubwera kwa mlalang'amba wathu pa makilomita pafupifupi 110 pa sekondi. Ifeyo pamodzi ndi Andromeda ndi tina ting'onoting'ono tikukokedwera mbali imodzi pa liwiro loposa makilomita 600 pa sekondi. Wailesi siisiyanitsa. Imaphatikiza maliwiro awiriwo n'kukupatsa nambala imodzi. Mlalang'amba wapafupi ukakhala ndi liwiro lakelake la makilomita 700 pa sekondi motithawa, mapu amaukankhira kutali ndi mtunda umene kuwala kungayende zaka pafupifupi 33 miliyoni.

Kulakwitsaku kukanakhala kwachisawawa, bwenzi nkhani ili yosavuta. Koma kuli ndi dongosolo, ndipo kumabwera m'njira ziwiri zotsutsana.

Yoyamba imaoneka pa mitunda italiitali. Ganizirani tsiku la msika pa Kamwendo, inu mwaima patali cha kumbali ya boma. Anthu amene ali pakati pa inu ndi msika akukufulatirani, akupita kumsikako. Amene ali kutsidya, ochokera cha ku Namitete, akubwera moyang'ana kwa inu. Mukawalemba pamapu potengera liwiro, apafupi aja muwakankhira kutsogolo, akutali aja muwakokera kumbuyo, onse kufupi ndi msika. Khamulo lioneka lothinana kuposa mmene lilili, lophwatalala ngati chitumbuwa chimene wina wachikhalira. Amene akubwera kuchokera m'mbali, modutsa maso anu, sasunthidwa konse, chifukwa Doppler amamva kubwera ndi kuthawa kokha. Ndi mmenenso zimakhalira kumene zinthu zaunjikana m'chilengedwe: milalang'amba yozungulira malowo ikugwera mkati, ndipo mapu amaonetsa muluwo uli wopanikizika motsata kumene tikuyang'ana. Nick Kaiser analemba masamu a zimenezi mu 1987, ndipo mpaka pano zimadziwika ndi dzina lake.

Yachiwiri ili mkati mwa msika mwenimwenimo. Mmenemo palibe akulowera kumodzi. Wina akuthamangira ku usipa, wina akubwerera ku kaunjika, wina akusaka chenje. Onse ali pamalo amodzi, koma maliwiro awo ndi osiyanasiyana. M'chigulu cha milalang'amba chotchedwa Coma, maliwiro amasiyana ndi makilomita pafupifupi 1,000 pa sekondi, zimene zinadabwitsa Fritz Zwicky mu 1933 mpaka ananena kuti muyenera kukhala zinthu zina zosaoneka zimene zikugwira chigulucho kuti chisabalalike. Pamapu, chigulu chimene ndi chobulungira chimatambasuka n'kukhala chingwe chachitali choloza kwa woonayo. J. C. Jackson anafotokoza zimenezi mu 1972, ndipo patapita nthawi anthu anazipatsa dzina loti Fingers of God, kunena kuti zala za Mulungu. Pa mapu otchuka amene Valérie de Lapparent, Margaret Geller ndi John Huchra anatulutsa mu 1986, timadontho ta milalang'amba tinapanga chithunzi cha munthu wonga amene ana a Sitandade 1 amajambula, wa timiyendo ndi timikono ta ndodo. Thunthu la munthuyo linali Coma, atatambasulidwa ndi liwiro la a m'kati mwake.

Dzinalo limandisangalatsa, koma lingasocheretse. Zala zonse zimaloza pa dziko lathu, ndiye wina angaganize kuti tili pakatikati pa chilengedwe. Ayi. Wokhala kwina kulikonse akanajambula mapu ake mwa njira yomweyi, zala zikanaloza kwa iyeyo. Chala chilichonse ndi chizindikiro chakuti muyeso wapotoka.

Zonsezi zinadziwika kale pa mapu a milalang'amba yooneka ndi kuwala. Haidrojeni amawonjezerapo mavuto akeake, ndipo kwa ine apa ndi pamene nkhani ikukoma.

Chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Chisanakwanitse kapena chitangokwanitsa biliyoni yoyamba, kuwala kwa nyenyezi zoyambirira kunali kutathothola maelekitironi a haidrojeni wambiri amene anali pabwalo. Amene anatsala wathunthu ndi amene anabisala m'mitambo yothinana mkati mwa milalang'amba. Ndiye mapu a haidrojeni ndi mapu a milalang'amba ndithu, koma osati yonse mofanana. Mlalang'amba ukagwera m'chigulu chachikulu, umadutsa mu mpweya wotentha kwambiri umene uli mmenemo, ndipo haidrojeni wake amapetedwa ngati mankhusu pa lichero. James Gunn ndi Richard Gott anafotokoza izi mu 1972, ndipo m'chigulu cha Virgo zimaonekadi: milalang'amba ya pakati ili ndi haidrojeni wochepa poyerekeza ndi inzake ya kunja. Tanthauzo lake n'lakuti pakati pa msika pamene pali piringupiringu woopsa, ambiri ndi osalankhula. Zala za pa mapu a haidrojeni sizingafanane ndi za pa mapu a nyenyezi, ndipo amene angangokopera masamu a uko n'kuwaika kuno alakwitsa.

Kenako pali kuzungulira kwa mlalang'amba weniweniwo. Dzuwa lathu likuzungulira pakati pa mlalang'amba wathu pa makilomita oposa 200 pa sekondi. Ukayang'ana mlalang'amba wotere cham'mbali, theka lake likubwera kwa iwe, theka linalo likuthawa. Wowerenga milalang'amba umodziumodzi savutika, amatenga liwiro la pakati n'kuika kadontho kamodzi. Womvetsera achule alibe mwayi umenewo. Liwu la mlalang'amba umodzi limamwazika pa makilomita 400 pa sekondi kapena kuposa, pafupifupi 2 MHz pa wailesi. Pamapu, mlalang'amba wapafupi umene kuwala kumaudutsa m'zaka 100,000 umaoneka ngati mzere wa zaka pafupifupi 19 miliyoni. Ndi kachala kakekake, kopanda chigulu chilichonse. Choncho maulendo alipo atatu osanjikizana: mulu wonse ukugwera kwa mulu unzake, ting'onoting'ono tikuzungulira waukulu mkati mwa muluwo, ndipo mpweya ukuzungulira mkati mwa uliwonse.

Nanga amawongola bwanji? Kunena zoona sawongola. Palibe angagwire kadontho kalikonse n'kukabwezera pamalo pake. Chimene amachita n'kuyamba ndi chilengedwe chongoyerekeza, n'kuchipotoza dala mwa masamu, n'kuona ngati chafanana ndi chimene telesikopu yamva. Chowathandiza n'chakuti pa mitunda italiitali chilengedwe chilibe mbali yokondera. Milu ya zinthu iyenera kukhala yofanana ukaiyeza chopingasa kapena motsata kumene ukuyang'ana. Ikasiyana, kusiyanako kwabwera ndi liwiro.

Pa mitunda italiitali masamu a Kaiser amagwira bwino, ndipo amafuna manambala awiri: kufulumira kwa mmene milu ikukulira, ndi mmene haidrojeni amatsatira zinthu zosaoneka zija, zimene masiku ano amazitcha dark matter, zomwe n'zochuluka kasanu kuposa zinthu wamba. Pa mitunda ifupiifupi, ambiri amangowonjezera nambala imodzi yoimira piringupiringu yense wa m'kati, n'kuisiya kuti isinthesinthe mpaka masamu agwirizane ndi muyeso. Ineyo ndimaiona ngati chigamba pa chubu: imakufikitsa kunyumba, koma siikuuza chimene chinabaya tayala. Maulendo awiri osiyana, wa ting'onoting'ono ndi wa mpweya wozungulira, apanikizidwa mu nambala imodzi.

N'chifukwa chake ena amapita ku makompyuta akuluakulu. Amaika tizidutswa mamiliyoni kapena mabiliyoni toimira dark matter m'bokosi longoyerekeza, n'kutisiya tikokane kwa zaka mabiliyoni mpaka tipange zisa. Kenako amathira haidrojeni m'zisamo. Funso ndi lakuti, amuthire pati? Akamuika yense pakati pa chisa, akuyenda ndi chisacho, zala zimafupika. Akamugawira ting'onoting'ono tozungulira, zala zimatalika. Akawonjezera kuzungulira kwa mpweya, zimatalikanso mwa mtundu wina. Ntchito zina, monga IllustrisTNG, zimayesa kutsata mpweyawo weniweni, kuzizira kwake, kubadwa kwa nyenyezi ndi kuphulika kwake, koma n'zodula kwambiri moti bokosi lake limakhala laling'ono. Ndipo nkhaniyi si yongokongoletsa. Kaiser amapanikiza, zala zimatambasula, ndipo pali mitunda ya pakati pamene zonse ziwiri zikugwira ntchito limodzi. Ukayesa zala molakwika, cholakwacho chimadontha n'kulowa mu nambala ya kukula kwa milu, imene ndi yomwe umafuna.

Nambala imeneyo n'chifukwa chake anthu akuvutikira zonsezi. Mu 1998 magulu awiri a akatswiri anapeza kuti kufutukuka kwa chilengedwe kukuwonjezera liwiro m'malo mochepa. Ena amati pali mphamvu ina yosadziwika, dark energy. Ena amakayikira kuti mwina malamulo a mphamvu yokoka amene Albert Einstein analemba mu 1915 amafunika kukonza pa mitunda yaikulu chonchi. Maganizo awiriwa angathe kupereka mbiri yofanana ya kufutukuka, koma amasiyana pa kufulumira kumene zinthu zimagwerana n'kuunjikana. Liwiro la anthu opita kumsika limakuuza kukoka kwa msikawo. Choncho kupotoka kumene kumawononga mapu ndi komwenso kuli sikelo yoyezera mphamvu yokoka. Pa mapu a milalang'amba yowala, gulu la akatswiri a ku Britain ndi Australia lotchedwa 2dF linayeza kale kuphwatalala kumeneku mu 2001. Haidrojeni akulonjeza kufika kutali kwambiri, ndi dera lalikulu kwambiri.

Kulonjeza n'kosavuta. Mlalang'amba wathu womwe umatulutsa phokoso la wailesi loposa la haidrojeni wakutaliyo maulendo masauzande ambirimbiri. Zili ngati kumvetsera achule a ku Bua utaima m'chigayo. Mwayi wake ngwakuti phokoso la chigayocho limasintha pang'onopang'ono ukamapotokola batani, pamene la haidrojeni limakwera n'kutsika, choncho lingathe kuchotsedwa. Tsoka lake ngwakuti pochotsapo umataya ndi mbali ya haidrojeni imene imasintha pang'onopang'ono motsata kuya, ndipo kumeneko n'kumene masamu a Kaiser ali oyera kwambiri. Telesikopu nayonso imapotoza mwa njira yake. Mbale imodzi yokolera mafunde ya mamita 13.5 imaona thambo mwachimbuuzi, chigawo choposa digiri imodzi nthawi imodzi, pamene mwezi wathunthu ndi theka la digiri. Motsata kuya imaona bwino kwambiri, chopingasa imaona movutikira. Wopanga masamu ayenera kusiyanitsa kupotoka kwa thambo ndi kupotoka kwa chida chake.

Pofika pano, zambiri zimene zatheka zatheka pophatikiza mapu a wailesi ndi mapu a milalang'amba yodziwika kale, chifukwa phokoso la chigayo silidziwa kumene milalang'ambayo ili, koma haidrojeni amadziwa. Green Bank Telescope ya ku West Virginia ku America inachita zimenezi mu 2010. Telesikopu ya CHIME ya ku British Columbia ku Canada, imene imamvetsera pakati pa 400 ndi 800 MHz, yachitanso. Kuno kwathu ku Africa, MeerKAT, ya mbale 64 m'chipululu cha Karoo pafupi ndi Carnarvon ku South Africa, imene inatsegulidwa mu 2018, nayonso inamumva haidrojeni wakutali mwa njira yomweyi. Mbale zake zidzalowa mu SKA-Mid, telesikopu yaikulu ya ntchito ya mayiko ambiri yotchedwa SKA, imene ikukonzedwa kuti ikhale ndi mbale 197. Anasankha Karoo chifukwa cha bata, ndipo South Africa inakhazikitsa lamulo mu 2007 loteteza deralo ku mafunde a anthu. Mafoni ambiri a m'manja amalankhula cha pa 900 MHz, pamalo pomwe pamafikira haidrojeni amene wayenda zaka zoposa 5 biliyoni. Foni imodzi ya m'thumba ingamize liwu lonselo.

Pa mayiko asanu ndi atatu a mu Africa amene ndi abwenzi a South Africa pa ntchito ya SKA, pali Zambia ndi Mozambique. Malawi palibe. Kwa ife a ku Mchinji, amene Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, zimenezi zimandiwawa pang'ono, makamaka chifukwa mbali ya ntchitoyi imene ndafotokozayi siifuna mbale. Imafuna masamu, kompyuta ndi intaneti yodalirika.

Sabata yotsatira ndinabwerera kwa mtsikana uja ndi samu pabolodi. Mlalang'amba wamveka pa 1415 MHz m'malo mwa 1420. Anapeza liwiro la makilomita pafupifupi 1,056 pa sekondi, n'kugawa ndi 70, n'kuchulukitsa ndi 3.26, n'kulemba zaka za kuwala 49 miliyoni. Anatseka kope akumwetulira. Ndiye ndinamuuza kuti mlalang'ambawo uli m'chigulu, ndipo uli ndi liwiro lakelake la makilomita 500 pa sekondi, koma sitikudziwa ngati ukubwera kapena ukuthawa. Anatsegulanso kope lija. Patapita mphindi zingapo anali ndi mayankho awiri, 26 miliyoni ndi 72 miliyoni. Anawayang'ana kwa kanthawi, cholembera chili kukamwa.

"Aphunzitsi, nanga likabwera pa mayeso a MSCE ndilembe liti?"